Tadala wa chaka ndi miyezi iwiri: pamiyendo kapena mpando wake m'ndege ya ku London?

Make Tadala (Rosettenville):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Mng'ono wanga akumanga ukwati ku Luton, kufupi ndi London, mu Disembala, ndipo viza yatuluka, yanga ndi ya Tadala yemwe. Bambo ake kuntchito awakaniza tchuthi, inu mukudziwa mmene kumakhalira ku malesitilanti nthawi ya Khirisimasi, ndiye ndinyamuka ndekha ndi mwana. Tadala ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, sikelo ya kukiliniki sabata yatha inati makilogalamu 11, ndipo chiyambire kuyenda sakhala pansi ngakhale mphindi zisanu. Ndege yochoka pa bwalo la OR Tambo kuno ku Johannesburg mpaka ku Heathrow ku London osaima pena paliponse ndi maola pafupifupi 11. Ejenti wandiuza kuti ndikamunyamula pamiyendo ndingowonjezera kangachepe pa tikiti yanga, koma akakhala ndi mpando wakewake mtengo wake ukuyandikira wa munthu wamkulu. Kusiyana kwakeko ndi lendi yathu ya miyezi iwiri. Amene munayendapo maulendo aatali ndi ana, ndithandizeni nzeru. Ndimugulire mpando kapena ndingolimba mtima?

Achimwene a ku Turffontein:
Lendi ya miyezi iwiri?? Asisi, mwana amene salipira ngakhale mu taxi ya pa Bree, lero mukufuna akhale bwana m'ndege? Miyendo Mulungu anakupatsani yaulere.

Agogo Nachisale (Yeoville):
Mwana wanga, ife tinachoka pa Park Station ndi khanda la miyezi 9 pamiyendo, basi yodzaza mpaka pakhomo, mashangani ali m'kanjira. Beitbridge tinagona pamzere, Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja, Zobue, Mwanza, mpaka kukatsika pa Wenela. Usiku uwiri. Mwana ameneyo pano ali ndi ndevu. Maola 11 ndi chiyani? Tenga zitenje ziwiri, akalira um'bereke, ndalamayo ukagulire mng'ono wako mphatso.

Nabanda wa ku Randburg:
Agogo, ulemu wanu, koma basi ndi ndege n'zosiyana. Basi imaima. Paboda mumatsika, mwana amaponda pansi, mumagula nthochi, mnzanu wa pampando wina amakulandiraniko mwana chifukwa tonse ndife a kumudzi. M'ndege kanyali ka lamba kakayaka, palibe kuimirira, kaya mwana akulira mpaka kusanza.

Ine ndinapita ku Atlanta ndi wanga ali ndi chaka ndi miyezi inayi, pamiyendo, ndekha, maola opitirira 16. Ndinaganiza ngati mmene akunenera achimwene a ku Turffontein. Chakudya chitabwera, katebulo kaja kosatheka kutsitsa chifukwa mwana ali pamimba panga. Ndinapempha kuti andisungire, pomwe amadzagona chakudya chinali chitazizira ndipo ndinadya ndi dzanja limodzi lakumanzere, lamanja litachita dzanzi pansi pa mutu wake. Kuchimbudzi ndinapita naye, kachipinda koti ukatembenuka chigongono chimagunda chitseko, iye akufuna kugwira chilichonse. Kenako anamenya kapu ya juwisi, yonse pa thalauza la bambo wina wachikulire amene ndinayandikana naye. Bamboyo anangoseka, koma ine manyazi ake mpaka lero. Nditatsika msana unanditenga masiku atatu. Pobwerera mwamuna wanga anachita kubwereka ndalama kuti tisinthe tikiti mwana akhale ndi mpando.

Make Tadala (Rosettenville):
Eee asisi, mwandiopseza. Za kuchimbudzizo sindinaziganizire n'komwe.

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Make Tadala, ine ntchito yanga ndi yogulitsa matikiti, ndiye ndifotokozeko mmene zimakhalira kuti musankhe mukudziwa.

Mwana amene sanakwanitse zaka ziwiri amaloledwa kukhala pamiyendo. Pa maulendo otuluka m'dziko makampani ambiri amalipiritsa 10 peresenti ya mtengo wa munthu wamkulu, kuphatikizapo timisonkho tina. Mukafuna akhale ndi mpando, amamuwerengera mtengo wa ana, womwe nthawi zambiri umakhala cha m'ma 75 peresenti, koma matikiti otchipa kwambiri aja ena alibe kuchotsera kulikonse. Tiyerekeze kuti mtengo wa wamkulu ndi R12,000 misonkho isanalowe: pamiyendo ndi R1,200, pampando ndi cha m'ma R9,000. Ndiye ejenti wanu sanakunamizeni.

Chimene anthu amaiwala n'choti tsiku lobadwa limawerengedwa pa ulendo uliwonse pawokha. Mwana akakwanitsa zaka ziwiri muli kunjako, pobwerera akuyenera kukhala ndi mpando basi. Kwa inu sizikukhudzani popeza Tadala akadali kutali, koma ndalemba chifukwa chaka chatha mayi wina anabwera ku ofesi kwathu akulira ndi nkhani yomweyi.

Make Tadala (Rosettenville):
Zikomo bambo a Mphatso. Nanga kabedi kaja amati amapachika kukhoma kutsogolo? Mlamu wanga akuti n'kaulere.

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Bassinet imeneyo. Inde salipiritsa, koma ili ndi mavuto atatu kwa inu. Mipando ya kukhoma kuja ndi yowerengeka ndipo mu Disembala makanda amakhala ambiri, ndiye kupempha sikutanthauza kupeza. Chachiwiri ndi kulemera: makampani ambiri malire awo amakhala cha pa makilogalamu 10 kapena 11, ena amayang'ananso kutalika kwa mwana. Tadala ali kale pa 11, pofika Disembala ndiye kaya. Chachitatu, ndege ikamanyamuka, ikamatera, komanso kanyali ka lamba kakangoyaka, amakuuzani kuti mumuchotsemo. Mwana wagona bwinobwino pakati pa usiku, mukumudzutsa.

Kabediko n'kabwino kwa khanda la miyezi itatu, inayi, isanu. Akanakhala wamsinkhu umenewo ndikanakuuzani kuti musataye ndalama.

Make Mapasa (Cosmo City):
Ine ndinalibe n'chosankha chomwe. Munthu mmodzi saloledwa kufukata makanda awiri, ndiye kupita ku Lilongwe kokha, maola awiri ndi theka, ndinachita kutengana ndi mchemwali wanga. Komanso sanatikhazike mzere umodzi. Anati zovala kumphuno za mpweya zija zimakhala ndi imodzi yokha yapadera pa mzere, ndiye makanda awiri apamiyendo sangakhale pamodzi. Tinkangopatsirana matewera pamwamba pa mitu ya anthu.

Achimwene a ku Turffontein:
Mapasa ndi nkhani ina. Koma pano tikunena mwana mmodzi, ndege yausiku. Za ku London zimanyamuka madzulo n'kufika m'mawa. Mwana adya, agona, adzuka muli ku Ulaya. Mwagula mpando R9,000, iye n'kukana kukhalapo, usiku wonse ali pachifuwa pa mayi ake, mpando wagona chikwama. Ndani akubwezereni?

Nabanda wa ku Randburg:
Achimwene, ngakhale pagone chikwama, mayi ali ndi poika mwana akafuna kudya, ali ndi potambasulira mkono. Mwakweza chotsamira mkono chapakati, mwana wagona chopingasa, mutu pantchafu panu miyendo pampando wake. Inu munanyamulapo thumba la ufa la 10 kg kuchoka pa shopu mpaka kunyumba? Ndiye lifukateni kuyambira 8 koloko usiku mpaka 7 m'mawa, likhalenso loponda m'mimba.

Achimwene a ku Turffontein:
Thumba la ufa silimwetulira, asisi. Kkkkk

Nasibeko, namwino (Midrand):
Nonse mukukamba za kutopa, ine ndikambe za chitetezo, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndimasiyana ndi agogo.

Ndege ikakumana ndi mphepo yoipa mwadzidzidzi imatha kutsika mwamphamvu moti chilichonse chosamangidwa chimanyamuka. Mu Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inakumana ndi zotere, munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, mpaka inakatera ku Bangkok. Ambiri mwa ovulalawo anali osamanga lamba, anakagunda kudenga. Tsono funso n'lakuti, manja a mayi amene ali m'tulo angagwire mwana wa makilogalamu 11 pa kamphindi koteroko? Sangathe. Si nkhani ya chikondi, ndi nkhani ya mphamvu.

N'chifukwa chake bungwe loona za ndege ku America, FAA, limalangiza kuti mwana akhale pampando wake atamangidwa mu car seat (kampando ka mwana ka m'galimoto kaja) yovomerezeka. Silikakamiza, koma limalangiza. Ndege za ku Ulaya ndi zina zambiri zimapereka kalamba kakang'ono kokoloweka pa lamba wa mayi, pomwe za ku America sizilola kalamba kameneko. Akuluakulu okhaokha sagwirizana, koma onse amavomereza kuti malo abwino koposa ndi mpando wa mwana.

Ndipo agogo, chitenje chimathandiza poyenda naye m'kanjira kuti agone, koma ndege ikamanyamuka kapena kutera amakuuzani mumumasule, mumumange ndi kalamba kawoko.

Agogo Nachisale (Yeoville):
Anamwino, inu munaphunzira, ine sinditsutsa. Koma musamuopseze mwanayu. Ndege zingati zimanyamuka pa OR Tambo tsiku lililonse ndi makanda pamiyendo, n'kukafika bwinobwino? Amene alibe ndalama asamaone ngati akupha mwana wake.

Nasibeko, namwino (Midrand):
Pamenepo mwanena zoona agogo. Zoterezi sizichitikachitika. Kunena chilungamo, ulendo wa pa taxi kuchoka ku Rosettenville kupita ku bwalo la ndege mwana ali pamiyendo ndi woopsa kuposa maola 11 a m'mwamba. Ine ndikungofuna kuti posankhapo adziwe mbali zonse. Amene sangakwanitse, amange kalamba kaja nthawi yonse imene wakhala pansi, ngakhale kanyali kali kozima, ngakhale mwana wagona. Osamasula poti "akubanika".

Mtsikana wa ku Berea:
Pepani kulowerera, mnzanga wina anati anangomupatsa wake mankhwala a chimfine ogonetsa aja, mwana anagona mpaka Dubai. Sizingathandize?

Nasibeko, namwino (Midrand):
Ayi mng'ono wanga, chonde osayesa. Mankhwala amenewo si ogonetsera ana, ndipo kwa ana aang'ono ena amachita zosiyana: m'malo mogona mwana amabalalika, kulira osatonthozeka, ndipo muli m'mwamba kopanda kiliniki. Mwana wosadwala sapatsidwa mankhwala. Chimene chimathandiza ndi kumuyamwitsa kapena kumupatsa botolo ndege ikamakwera, makamaka ikayamba kutsika, chifukwa kumeza kumatsegula makutu. Ana ambiri amene mumawamva akukuwa potera ndi makutu amenewo.

Make Tadala (Rosettenville):
Tadala akuyamwabe usiku, ndiye zimenezo zili bwino. Koma car seat mukunenayi, tili nayo yomwe tinagula kwa munthu pa Facebook. Imeneyo angailole? Ndipo ndekha ndinyamula bwanji mwana, chikwama cha matewera, ndi chimpando chimenecho?

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Itembenuzeni muone zomata zake. Ogwira ntchito m'ndege amayang'ana chomata chosonyeza kuti inavomerezedwa, ndipo kampani iliyonse ili ndi mndandanda wake wa zomwe imalola, kuphatikizapo kukula kwake, chifukwa zina n'zazikulu moti sizikwana pakati pa zotsamira mikono. Ijambuleni, mutumize kwa ejenti wanu afunse musanalipire. Imaikidwa kuwindo kuti isatseke njira, ndipo mzere wa pakhomo lothawira ngozi salola ana.

Palinso malamba ena otchedwa CARES, opangidwira ana a makilogalamu 10 mpaka 20, amakoloweka kumsana kwa mpando wa ndege ndipo amakwana m'chikwama. Kuno kuwapeza n'kovutirapo, mwina mng'ono wanu angagule kumeneko koma ndiye angathandize pobwerera pokha. Afunseninso a kampaniyo ngati amawalola, komanso ngati mwana wamsinkhu wa Tadala angakhale pampando wake popanda car seat. Ena amalola, kungoti ponyamuka ndi potera mumamutenga pamiyendo ndi kalamba kaja.

Namoyo (Luton, kale wa ku Hillbrow):
Ndakhala ndikungowerenga, koma mwatchula kwathu kuno. Make Tadala, car seat-yo kaya mulowa nayo m'ndege kaya ayi, kuno idzafunika. Lamulo la kuno mwana ayenera kukhala mu car seat mpaka zaka 12 kapena kutalika masentimita 135, ndipo kuchoka ku Heathrow kufika ku Luton ndi pa msewu waukulu, M25 kenako M1. Mng'ono wanu asabwere kudzakutengani ndi galimoto yopanda mpando wa mwana poti "tingomufukata". Akhoza kubwereka kwa anzake a kutchalitchi.

Ndipo konzekani kuyenda. Kuchoka pomwe ndege yaima kukafika pa mzere wa mapasipoti ndi mtunda, ndipo pulemu nthawi zina simuilandira pakhomo la ndege, mumakaipeza kotengera zikwama. Apa ndiye chitenje cha agogo chimapambana zonse. Mwana kumbuyo, manja onse awiri ali omasuka. Kuzizira kwa Disembala musakuchepetse, jekete lake likhale m'chikwama cha m'manja, osati chachikulu.

Agogo Nachisale (Yeoville):
Mwamva? Mpaka ku Ulaya chitenje.

Achimwene a ku Turffontein:
Njira ina ilipo yaulere. Mufike msanga pa kauntala, mumwetulire, mupemphe kuti ngati pali mpando wopanda munthu akuikeni pafupi nawo. Mlamu wanga anachita choncho kupita ku Doha, anapeza mzere wonse wa mipando itatu.

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Mlamu wanu anapita mwezi wanji?

Achimwene a ku Turffontein:
Febuluwale.

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Basi nkhani yathera pomwepo. Febuluwale ndege zimapita ndi mipata. Pakati pa Disembala, masukulu atatseka, ya ku London imadzaza ngati basi ya ku Blantyre pa 20 Disembala. Kupempha n'kwaulere, pemphani ndithu, koma musamangepo ulendo.

Chimene ndingawonjezere n'chakuti muyang'anenso zodutsira kwina. Kudzera ku Addis Ababa ndi maola asanu ndi theka kenako ena pafupifupi 8, kudzera ku Dubai kapena Doha ndi pafupifupi 8 kenako 7. Nthawi zina mipando iwiri ya njira zimenezi imayandikira mtengo wa mpando umodzi ndi khanda pa ndege yosaima. Nthawi zina ayi. Ejenti akuwerengereni zonse.

Nabanda wa ku Randburg:
Koma kudutsira kwina uli wekha ndi mwana, hmm. Kumudzutsa 3 koloko m'bandakucha, kutsika, kusechedwanso, kuthamangira geti lina, kukweranso, makutu kawiri. Ena amati mwana amapumako n'kuthamangathamanga pabwalo. Ine ndinaona ngati kulima munda kawiri.

Make Mapasa (Cosmo City):
Musaiwale mapepala. Poti mukupita opanda bambo ake, tengani kalata ya kubadwa ya Tadala, kalata ya bambo ake yovomereza ulendowo yodindidwa kupolisi, ndi kope ya pasipoti yawo. Mwina sakufunsani, koma akakufunsani muli pa mzere mwana akulira, mulibe, ndiye mudzaona. Mkaka ndi chakudya cha mwana amalola kupitirira mamililita 100 aja, kungoti muzitulutse aone. Ndipo inunso mutenge malaya osinthira m'chikwama cha m'manja. Aliyense amakumbukira zovala za mwana, mayi n'kufika atanunkha masanzi.

Wapampando wa gulu:
Ndachotsa mauthenga awiri a munthu amene amatsatsa matikiti otchipa. Chonde pagulu pano musatumize ndalama kwa munthu amene simukumudziwa. Pitirizani.

Make Tadala (Rosettenville):
Pepani ndinasowa masiku awiri. Ndikuuzeni zomwe ndachita, musandiseke.

Dzulo madzulo ndinatenga mpando wa kukhitchini, ndinauika moyang'ana khoma, pafupi moti mawondo akugunda, n'kukhala ndi Tadala pamiyendo titadzimanga chitenje m'chiuno tonse awiri. Ndinati ndione ngati tingathe ola limodzi. Bambo ake anagwira foni kuwerenga nthawi. Mphindi 6 anali atandivula ndolo. Mphindi 13 anadzipinda ngati uta, mutu wake n'kundigunda pachibwano mpaka ndinadziluma lilime. Pa mphindi 22 anatsetsereka pansi pa chitenje n'kuthawira kubafa. Bambo ake anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anasiya kuseka n'kufunsa kuti, "Paja ndi zingati?"

Ndiye tagula mpando. Kudutsira ku Addis kunali kotchipirapo koma ndatsata mawu a Nabanda, tatenga yosaima. Mng'ono wanga wati andithandiza theka, m'malo mwake nsapato ndi chikwama cha paukwati ndivala zomwe ndili nazo. Theka linalo amayi a chipereganyu chathu avomera kuti ndilandire mwezi uno m'malo mwa Malichi. Car seat yathu ija ejenti wati chomata chake chinafufutika, sangailole m'kati, ndiye ipita ndi zikwama, ndipo kampaniyo yati Tadala akhoza kukhala pampando wake koma ponyamuka ndi potera akhale pa ine ndi kalamba. Atipatsa wa kuwindo ndi wapakati. Zitenje ndatenga zitatu, agogo.

Agogo Nachisale (Yeoville):
Ndalama ndi zako mwana wanga. Ine ndikanagula mapoto. Koma uyende bwino, ukamupatse moni mkwatibwi.

Nasibeko, namwino (Midrand):
Akagona pampando wakewo lamba akhale womanga, pamwamba pa bulangete kuti ogwira ntchito aziuona asakudzutseni.

Achimwene a ku Turffontein:
Chabwino ndagonja. Koma bambo a Mphatso, tandiuzeni, mwana wokhala ndi mpando wake amapatsidwanso chikwama chake cha makilogalamu 23?

Bambo a Mphatso (Kempton Park):
Zimatengera mtundu wa tikiti, koma kawirikawiri inde, chimodzimodzi wamkulu. Bwanji?

Achimwene a ku Turffontein:
Make Tadala, asisi anga okondedwa, inu mukudziwa kuti ine kuyambira pachiyambi ndimafuna kuti mwanayu akhale ndi mpando. Ndili ndi kaphukusi kakang'ono ka msuweni wanga ali ku Milton Keynes, pafupi pomwepo ndi Luton. Ufa woyera pang'ono, Nali mabotolo awiri, ndi nsapato.

Namoyo (Luton, kale wa ku Hillbrow):
Ngati mukutsegula mzere, ine ndili wachiwiri. Chitenje cha Chilundu chimodzi chokha.

Make Tadala (Rosettenville):
Chikwama cha Tadala chadzaza kale ndi matewera. Achimwene, kilogalamu iliyonse ndi R400, ndipo ndilongedza ndekha nditaona m'kati.